Mowa Wachinayi

Miyezi isanu inali itatha chinenereni a Bořivoj Šedivý pamaso pa anthu kuti mowa wa Vendelín Hrubec ndi madzi otsukira mbale. Ananenera m'bala yawo, Lachisanu, anthu atadzaza. M'kamudzi kawo ka kumpoto kwa mzinda wa Plzeň, lilime la a Šedivý linali lamulo. Sabata isanathe, mabala ena awiri anabweza migolo, ndipo Vendelín anayamba kukamba zogulitsa miphika yake yofululira.

Zdislava, mwana wake, sanali wa mtima wogonja choncho. Anapita kubala kwa a Šedivý, anaitanitsa mowa wa bambo ake wa mumgolo wotsiriza, n'kuuyang'ana. Thovu linafa asanawerenge khumi. Atasuzumira kukhitchini anaona matambula akutsukidwa m'madzi omwe munali mbale za bakha wootcha. Anadziwa kuti mafuta otsalira m'tambula ndiwo amapha thovu.

Tsono linafika Loweruka la mpikisano wolawa mowa. Chaka chilichonse anthu ankasonkhana masana mu holo ya ozimitsa moto, oweruza atatu n'kulawa mowa asakuudziwa dzina, nambala yokha. Holoyo inalibe matambula okwanira, ndiye a Šedivý ankabwereketsa awo, mabokosi asanu. Wothira mowa chaka chimenecho anali Zdislava, poti wakale msana unamukana.

Kuseri kwa nsalu yotchinga migolo, Zdislava anatsuka mabokosi anayi ndi burashi, n'kuwatsukuluza m'madzi ozizira mpaka zala kuchita dzanzi. Bokosi limodzi sanalikhudze.

"Mwanawe, dzanja lisanjenjemeretu," anafuula a Šedivý ali patebulo la oweruza, akusisita mimba. "Wa bambo ako usavutike kuubisa. Ndiumva fungo usanafike pano."

"Mphuno yanu ndi yodziwika, bambo," anayankha Zdislava. "Ngakhale agalu amaichitira nsanje."

Holo yonse inaseka. Vendelín, ali pabenchi lakumbuyo, anangowerama.

Mowa woyamba unadutsa bwino. Wachiwiri Zdislava anauthira mosathamanga, mpopi utamira pansi pa thovu, mpaka thovulo litakwana zala zitatu. Linaima nji, loyera, lonyowa. A Šedivý ananunkhiza, anamwa, anatsinzina.

"Uwu ndiye mowa," anatero. "Chimera chikumveka ngati buledi wotentha, kuwawa kukubwera pambuyo mwaulemu. Taonani mizere ya thovu m'tambulamu, Mayi Bohdana. Kumwa kamodzi, mzere umodzi. Wofulula uyu ali ndi manja."

Mayi Bohdana, eni bala ya kusiteshoni, amene nawonso anabweza migolo ya Vendelín, anagwedeza mutu n'kulemba. Woweruza wachitatu, aphunzitsi opuma, anali atamaliza kale tambula yawo.

Wachitatu anati ndi wozuna mopitiriza. Kenako unabwera wachinayi. Usanafike n'komwe patebulo thovu linali litaphwa, timathovu titamata m'mbali mwa tambula ngati mazira a chule.

A Šedivý anangonyambita n'kukankha tambulayo.

"Ha! Ndi uwu. Vendelín, mnzanga, uli kuti? Ndinakuuza. Mowa wadazi ngati ine ndemwe! Upite ukaphike supu."

Ena anaseka. Zdislava anadikira kuti oweruza amalize wachisanu, alembe, asaine mapepala. Wachiwiri unapambana, wachinayi unagwira mchira.

Apo m'pamene anakoka nsalu ija yonse, migolo n'kuonekera.

"Werengani migolo, akuluakulu," anatero.

"Inayi," anayankha aphunzitsi. "Koma talawa kasanu."

"Wachiwiri ndi wa Hrubec. Wachinayi ndi wa Hrubec. Mgolo umodzi, mpopi umodzi, dzanja lomweli." Anakweza bokosi lija n'kuliika patebulo, phi! "Kusiyana kwake ndi uku. Awa sindinawatsuke. Ali momwe achokera kubala kwa a Šedivý m'mawa uno."

Mayi Bohdana anatenga tambula imodzi youma, anaipendeketsera kuwindo, anaipaka chala n'kununkhiza.

"Bakha," anatero. "Bořivoj, mnzanga, bakha wa Lachinayi."

"Chinyengo ichi!" anakuwa a Šedivý, nkhope itafiira. "Mwana wopanda mwambo! Malamulo salola mowa umodzi kulowa kawiri!"

"Ndakuthirirani momwe inu mumathirira anthu onsewa chaka chathunthu," anatero Zdislava. "Ngati n'chinyengo, mwini wake ndinu."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikachoka kwanu ndimafika kunyumba wokhuta!" wina anaponya mawu kumbuyo, holo n'kuphulika ndi phwete.

Aphunzitsi anakhosomola n'kunena kuti pa malamulo a Šedivý akulondola: mowa wa Hrubec uchotsedwe pampikisano. Chikho chinapita kwa woyamba uja. Zdislava sanachiyang'ane n'komwe.

Vendelín anamupeza akumasula mapaipi.

"Wamuvula munthu pagulu, mwanangu. Tinakulira limodzi ndi ameneyu."

"Iwo pokuvulani anakumbukira zimenezo?"

Bambo akewo asanayankhe, a Šedivý anatulukira, chipewa chili m'manja, maso akuthawa. Anati zinthu zimalakwika, mgolo umodzi akhoza kuulandiranso Lolemba, bola nkhaniyi ithere pomwepa. Vendelín anali atayamba kutambasula dzanja. Zdislava analowa pakati.

"Mgolo ayi. Lachisanu bala ikadzaza, mukaime pomwe munaima paja, mukanene kuti munalakwa. Mokweza. Ine ndidzakhala pakhomo kumvetsera."

A Šedivý anavala chipewa n'kutuluka osatsanzika.

Mayi Bohdana, amene anamva zonse, anamugwira Zdislava paphewa. "Migolo itatu Lachiwiri," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Koma ubwere m'mamawa, anthu asanafike. Udzayambe waona matambula anga."