Manja a Wometa

Mwana wamkazi wa wometa tsitsi ankakhala kwa amayi ake, ndipo kwa bambo ake ankabwera Loweruka lokha. Tsiku lina, akudzizunguza pa mpando wa makasitomala, anangoti, "Ababa, kusukulu ayambitsa tchesi. Tizisewera Loweruka."

Wometayo anati, "Oo," n'kupitiriza kupukuta makina. Koma mtima unamuwawa kwambiri. Tsiku lake linali lomwelo, lina analibe.

Anapita pakhomo loyandikana, kwa wokonza mawotchi, munthu wosaseka chibadwire.

"Achimwene, ndiphunzitseni tchesi, mwanayu azisewera ndi ine."

Wokonza mawotchi anayala bolodi pakati pa mawotchi akufa. "Nsanja iyi imayenda molunjika, kutali mmene ifunira. Bishopu amayenda mopendekera, chifukwa chake musandifunse. Mfumukazi imatha zonse ziwiri. Hatchi imapita mabokosi awiri n'kukhotera limodzi kumbali, ndipo yolumpha anzake ndi yokhayi. Tiasilikaliti sitibwerera m'mbuyo. Timayenda molunjika, koma timadya mopendekera."

"Nanga mfumu?"

"Bokosi limodzi basi. Ikaopsezedwa n'kusowa kothawira, masewera atha."

"Mfumu yonseyi, bokosi limodzi?"

"Ndi yachikulire. Mawondo."

Wometayo analoweza zonsezo, mpaka kasitomala wina anametedwa mopendekera n'kuuzidwa kuti ndi sitayilo yatsopano.

Loweruka mtsikana uja, atamva kuti bambo ake aphunzira tchesi, anabwera ndi bolodi lake. "Lero lokha, ababa," anatero, "ndione ngati mukuthadi."

Eti vuto linali manja. Wometa akaona mutu wapendekeka saganiza ayi, dzanja limangopita lokha. Bishopu wake anali atakhala chokhota pang'ono, ndiye anamugwira pamutu n'kumuwongola bwinobwino.

"Mwamukhudza, ababa. Muyendetseni."

"Ndimangomukhazika bwino."

"Mukanayamba mwanena. Chomwe wakhudza umayendetsa. Ndi lamulo."

Wokonza mawotchi uja lamulo limeneli sanalitchule n'komwe, munthu woipa mtima! Bishopu anapita, nadyedwa. Wometayo anakhalira manja ake. Sipanapite nthawi, taonani dzanja latuluka, likuchotsa katsitsi pamutu pa mfumukazi.

"Ababa."

Mfumukazi nayo inapita ulendo wosabwerera. Mfumu inayesa kuthawa ndi mawondo ake aja, koma sinafike patali.

Mtsikanayo anayamba kulongedza. Wometayo anangoyang'ana pansi, pa tsitsi losasesa, akudziwa kuti zake zada. Ndani angasiye anzake odziwa kusewera n'kumabwera kwa munthu wopesa mfumukazi?

"Ababa, simutha," anatero mwanayo. "Ndi zochititsa manyazi."

"N'zoona, mwanangu."

"Anzanga akamva andiseka." Anayang'ana bolodi lija, kenako analiika pashelefu, pakati pa mabotolo a mafuta. "Likhale pompano. Loweruka kutchesi tiziweruka masana. Ndizibwera mpaka mutasiya kugwiragwira."

Atachoka, wokonza mawotchi anasuzumira pakhomo.

"Ndamva zonse, khomali ndi lopyapyala. Bwerani mawa, vuto la manjawo tilithetsa msanga."

Wometayo anatenga tsache n'kuyamba kusesa.

"Ayi, achimwene, zikomo," anatero. "Manjawa asiyeni choncho."