Matayala a Bambo Sitali Akatenga Mkwatibwi

A Webster Sitali, mlangizi wa zaulimi amene boma linawatumiza ku Nyimba kuchokela ku Mongu, anasankha matayala a motoka yawo ngati munthu wogula ng'ombe yolimila. Anapita ku Petauke ndi akazi awo, a Keziah, ndipo anatha m'mawa wonse ali chogwada m'shopu, kuwelenga chaka cholembedwa m'mbali mwa tayala lililonse ndi kupisa chala m'mizele kuti aone kuya kwake. Okhalitsa anawakana ngakhale ankanyezimila. Anatenga anayi amtundu umodzi, opyapyala m'mbali, aja ogwila mseu wa tala zolimba pokhota ngakhale mvula ikugwa.

Kuchokela tsiku limenelo, mphepo ankaiyeza m'mawa matayala asanatenthe, timiyala ankatizula ndi msomali, ndipo motokayo sinkaponda mseu wafumbi. A Keziah ankauza anzawo a m'kwaya kuti tsopano ali pamitala, ndipo mkazi mnzawoyo ngwamiyendo inayi.

Ndiye linafika tsiku la ukwati wa Jessy, mtsikana wa m'kwayamo. Anthu atadzaza kale m'tchalitchi ku Petauke, kunamveka kuti motoka yokatenga mkwatibwi kwawo ku Kalindawalo yafela panjila. Azakhali ake, amai Anastazia, anapeza a Sitali pamthunzi pomwe anaimika motoka, nagwada.

"Bambo, mwana wavala kale. Kodi abwele panjinga ndi velo lake?"

A Sitali anayang'ana matayala awo, kenaka akazi awo. A Keziah anangoyang'ana kumwamba n'kumang'ung'udza nyimbo. Bamboyo anavula jekete, natsegulila amai Anastazia chitseko.

Mumseu wafumbi anayenda ngati akunyamula mazila. Ankadziwa kuti tayala lopyapyala likagunda mphepete mwa dzenje limatupa, ndipo likatupa latha. Anthu apanjinga ankawapitilila n'kumawapatsa moni mwaulemu. Atafika pamudzi anapeza Jessy atakhala pakhonde, maso atafiila ndi kulila.

Pobwelela, azimai a pamudzipo ataona kuti motoka ikuyenda liwilo la munthu wapansi, anaitsatila ndi nyimbo. Ena anasiya kukumba nsawa m'minda nadzalowa m'gulumo, makasu ali paphewa. Abambo awili anatsogola, kumataya miyala yakuthwa kumbali ndi kuloza pomwe panali maenje. Jessy anatsitsa galasi, nayamba kubaibitsa anthu uku akuseka, akuti sanalotepo kuti mudzi wonse ungamupelekeze chonchi. A Sitali anangozindikila kuti chala chawo chikuliza hutala motsatila nyimbo, ndipo sanachiletse.

Pofika pamseu wa tala anaima, natsika. Anasisita tayala lililonse ndi chikhatho, gulu lonse likuyang'anitsitsa. Panalibe lotupa, koma lakutsogolo linali ndi munga. Anauzula pang'onopang'ono, napaka malovu pabalapo kuti aone ngati patuluke thovu. Anadikila. Sipanatuluke kanthu. Ataimilila n'kukweza mungawo m'mwamba, nthungululu zinamveka mpaka kutsidya kwa mseu.

Opelekeza aja anakwela lole ya thonje yomwe inkapita kutauni. M'motoka, Jessy anasendela kutsogolo.

"Bambo, mkwati wanga wadikila kokwanila. Tionetseni tsopano chimene munawagulila matayalawa."

A Sitali anamuuza kuti amange lamba. Motoka inatsetseleka patalapo mosagwedezeka, pokhota ngati yamatilidwa pansi, ndipo amai Anastazia, amene poyamba anagwila mpando ndi manja onse awili, anamaliza ulendowo akuomba m'manja.

Ansembe anali asanavule mkanjo. Ukwati unadalitsidwa dzuwa litapendeka pang'ono, ndipo kumadyelelo abale a mkwati anawakokela a Sitali m'bwalo. Anakana kawili, kachitatu analowa, buluku lili lofiila ndi fumbi mpaka m'mawondo, navina kavinidwe ka kwawo ku Mongu komwe anthu a ku Petauke anayesa kutsanzila mpaka ena kugwa ndi phwete.