Mmene a Ezekiel Anavomerera

Migodi ya ku Kitwe itagulitsidwa, Collins anatsala ndi chipewa cholimba cha mumgodi chokha, n'kukapeza kantchito m'kafe ya intaneti pafupi ndi msika. Intaneti ya masiku amenewo inkayenda ngati nkhono, moti kutumiza vidiyo kwa abale akunja kunali kulota. Choncho Collins ankadula kachidutswa ka vidiyo n'kukasandutsa kachithunzi koyenda kotchedwa jifu, kamene kakafika kumapeto kamayambiranso, osatopa.

Mtima wake unali pa Priscah, ndipo mtsikanayo ankamufunanso. Koma bambo ake, a Ezekiel, mkulu wa mpingo ku Garneton, anaumitsa khosi, amvekere mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wosewera ndi zidole. Anali munthu woti ukasinza m'tchalitchi amakugogoda ndi ndodo n'kukutchula dzina pagulu. Mawu omaliza, monga mwa mwambo wa kwawo kummawa, anali a amalume a Priscah, a Jairus, amene anapita ku Botswana ntchito itatha. Iwo pafoni anangoti, "Mlamu wanga akavomera ndi mutu, ine nilibe mawu."

Ndi mutu! Collins anawatafuna mawuwo mpaka anakoma. Mwezi womwewo mpingo unamupatsa tepi ya msonkhano wa chitsitsimutso kuti aikonze. Akuonera, anapeza a Ezekiel pampando wakutsogolo, mutu ukutsika pang'onopang'ono kenako n'kudzuka. Kunena zoona, Satana sanavutike naye mnyamatayu. Anadula pomwepo, n'kupanga jifu, n'kutumiza kwa a Jairus pa imelo, pansi pake atalemba kuti, "Avomera."

Posakhalitsa a Jairus anatsika basi, n'kuitanira onse ku kafe. Anakhazika mlamu wawo patsogolo pa kompyuta.

"Ba Ezekiel, uyu nindani?"

Pagalasipo mutu unatsika, n'kudzuka, n'kutsikanso.

"Iwe mwana," anatero a Jairus potembenukira kwa Collins, "uyu munthu nasewenza naye pansi pa mgodi. Chibadwire sanavomerepo chinthu kawiri. Apa akusinza chabe! Ona pakamwa."

Priscah anabisa nkhope m'chitenje, koma mapewa anamuulula. Collins sanaseke. Anaona kuti ukwati wauthira yekha mchenga. Anagwada.

"Zimitsa!" anakalipa a Ezekiel. "Awe mwebantu, zimitsa!"

"Apa nizimitsa, mukwai," anayankha Collins, "koma ili mu imelo ya amalume."

"Ndipo abusa nawo ali na imelo," anawonjezera a Jairus akukanda chibwano. "Na aja onse munawagogoda na ndodo angakonde kuiona."

A Ezekiel anadziyang'ana nthawi yaitali. Ukali unawathera, manyazi n'kuwagwira mpaka m'makutu.

"Ninali kupemphera," anatero motsitsa.

"Ehe, pemphero lopanda Ameni," anatero a Jairus.

Apa Priscah anaphulika, ndipo makasitomala ena anayamba kusuzumira. A Jairus anaphimba galasilo ndi jekete, n'kulankhula modekha.

"Mnyamata wanama, na ine amene anafuna kunipusitsa. Azalipa nkhuku. Koma wabodza wamene amagwada asanafunsidwe, ine nimukonda. Manje mlamu, chinsinsi cha mutu wanu asunge nindani, mlendo kapena mkamwini? Timupatse mwana?"

Collins anakweza maso. Ali chigwadire, ankangoyang'ana khosi limene linamuvutitsa lija.

A Ezekiel anayang'ana mwana wawo, amene tsopano anali atasiya kuseka, misozi ikulengeza m'maso. Kenako anagwira khosi ndi dzanja, n'kutsitsa mutu kamodzi, n'kuuimitsa pomwepo.

"Kamodzi," anatero akumuloza Collins ndi ndodo. "Ukaubwereza uyu pa kompyuta yako, ukwati wasila, watheratu."