Thumba la Majezi ku Kabwata

Thumba la majezi onunkha thukuta linafikanso kunyumba kwa Chibesa Musonda ku Kabwata mumzinda wa Lusaka, lili pamutu pa mlamu wake Kunda. Tryness, mkazi wa Chibesa, atangoliona anagwira m'chiuno.

"Mwaluza futi? Bashi Emmy, sopo tizaipeza kuti? Napita kumzere wa sopo kawiri sabata ino!"

"Funsa m'bale wakoyo," anayankha Chibesa, bambo wa Emmy, akuvula nsapato. "Manja yake yali monga sefa."

Timu ya Kabwata Mphezi inali ndi mwambo wake. Ikagonja, osewera ankadzitsekera m'chipinda chovalira, kaputeni n'kuloza chala amene walakwitsa. Wolozedwayo ankasenza thumba la majezi kudutsa nalo pamsika, anthu akumuona, n'kukachapa yekha. Kaputeni anali Chibesa. Ndiye masiku amenewo dziko linali ndi chipani chimodzi, nayo Mphezi inali ndi wolakwa mmodzi: golokipa Kunda.

Kunda anali mlongo wake wa Tryness. Anachokera ku Mansa, ankagona m'nyumba ya Chibesa ndi kudya ndiwo za Chibesa. Munthu wotere angatsegule pakamwa?

Komatu timu yonse inkadziwa pamene panali bowo. Chibesa kale anali wogoletsa woopsa, koma tsopano masewera okonzekera ankawaonera patali ngati maliro a kwa eni. Loweruka m'mawa ankayamba wadutsa kutaveni, ati kukatsuka kukhosi. Chigawo chachiwiri chikafika, mwamuna ankayenda m'bwalo ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Anzake ankangoyang'ana pansi. Aliyense ankati bola chala chisagwere ine.

Tsiku limene anagonjanso lija Kunda anali atatchinga mipira yambiri mpaka chala chake chinatupa. Koma pamsika amayi ogulitsa anamuimbira nthungululu zachipongwe, ndipo Winifred wa matimati, amene Kunda ankamufuna ukwati, anabisa nkhope m'chitenje. Kunda anachapa majezi onse, nawayanika bwinobwino. M'mawa mwake anakwera basi ya ku Mufulira.

Tryness sanalire mokweza. Anangoti, "Mwamupitikitsa mwana wa amayi anga," basi. Kuyambira pamenepo mbale ya Chibesa inkafika patebulo ngati yagwa kuchokera padenga.

Chibesa anadzilimbitsa mtima kuti agolokipa ndi ambiri. Anaika Davies pagolo, ndipo Mphezi inamenyedwa zigoli zisanu ndi chimodzi. M'chipinda chovalira chala chake chinanyamuka mwachizolowezi, koma Davies anaponya magolovesi pansi.

"Ba kaputeni, ine sinikhala panyumba panu. Chapani mweka."

Anatuluka, ena atatu n'kumutsatira. Thumba linatsala pakati pa chipinda. Mphezi inali kumchira kwa ligi, ndipo ikanagonjanso masewera awiri otsalawo, ikanatsitsidwa.

Lolemba Tryness anakana kupita kumzere wa saladi, mafuta ophikira, choncho Chibesa anapita yekha ndi botolo m'khwapa. Kumbuyo kwake kunaima ba Norbert, mnansi wawo, amene anaimbira mpira zaka zambiri mawondo asanawakane.

"Shani, bashi Emmy? Namvela ati Mphezi yasanduka chiphaniphani."

"Anyamata alibe ulemu, ba Norbert. Afuna chilango."

"Chilango chilipo kale. Chakuthandizani?" Ba Norbert anasuntha phazi limodzi pamene mzere unasuntha. "Ine ninali kuona kuchokera pampanda wanga. Kunda anagwira mipira yambiri tsiku lija. Imwe munathamanga kangati?"

Chibesa anayang'ana botolo lake.

"Mverani, mwana wanga. Pamene ninali refa, nikalakwitsa ninali kupita kuli makaputeni onse awiri n'kunena kuti paja nalakwa. Sanandimenyepo chifukwa cha icho. Timu imagonja yonse. Mukalowa m'chipinda chija, aliyense anene chimene iye mwini walephera, osati cha mnzake. Ndipo woyamba akhale wamkulu. Wamkulu akabisa chake, ang'ono onse amaphunzira kubisa."

"Manje bazaniseka."

"Bakuseka kale. Kusiyana kwake n'kwakuti bakusekela kumbuyo."

Mawu amenewo anamukhala Chibesa pachifuwa ngati mbatata yopanda madzi. Anakumbukira chala chotupa cha Kunda chikufinya majezi m'beseni, iye ali pampando kumvera wailesi. Atafika pawindo saladi anali atatha, koma sanadandaule n'komwe.

Anayenda khomo ndi khomo kuitana osewera, ngakhale Davies. Atasonkhana m'chipinda chovalira, Chibesa anaimirira.

"Anyamata, amene waononga timu ino ndine. Sinibwela kumasewera okonzekera. Nimamwa tikalibe kusewera. Ninali kuloza Kunda chifukwa ninadziwa kuti sangayankhe."

Kenaka Spencer wotchinga kumbuyo anakanda m'mutu. "Naine ninali kumusiya yekha munthu uja. Nimaopa kugundana." Wina anavomera kuti amakakamira mpira kuti atsikana amuone, ndipo anthu anaseka koyamba m'miyezi yambiri. Anagwirizana kuti majezi azichapa mosinthana, apambane kaya agonje, ndipo wosabwera kokonzekera asasewere, ngakhale akhale kaputeni. Sabata imeneyo Chibesa anasenza yekha thumba kudutsa pamsika. Amayi aja anaimba mpaka mawu anasasa, anthu inu, wina anachita kusiya makasitomala!

Loweruka Chibesa anakhala pabenchi, monga mwa lamulo latsopano. Mphezi inafanana mphamvu ndi alendo. Masewera omaliza Chibesa analowa asanalawe mowa, napatsira Spencer mpira umene unabala chigoli chokhacho. Timu inapulumuka.

Zitatero Chibesa anakwera basi ndi Tryness kupita ku Mufulira. Anamupeza Kunda akutchingira timu ina ya kumigodi, atanenepa ndithu. Chibesa anagwada pamaso pa mlamu wake wamng'ono.

"Mulamu, ninakulakwila. Tiye kunyumba. Golo ni yako."

Kunda anamudzutsa ndi manja awiri. "Nakukhululukilani, ba mulamu, zoona. Koma kuno nikalakwa baniuza pamaso, nikachita bwino baniuzanso. Sinizabwela."

Pobwerera Tryness anamugawira mwamuna wake chinangwa chootcha, chizindikiro chakuti nkhondo ya m'nyumba yatha. Koma Chibesa njira yonse ankangoyang'ana pawindo. Mawu amene ananena m'chipinda chija akanawanena mwezi umodzi m'mbuyomo, bwenzi mpando wa pambali pawo uli ndi munthu.

Inu a m'matimu, m'makalabu ndi m'mabungwe, phunziro lake nali. Zinthu zikalakwika, aliyense ayambe wanena mbali yake, ndipo mtsogoleri ayambe ndiye. Musamasenzetse mlandu munthu chifukwa choti sangathe kuyankha. Ndipo kuvomera kulakwa musakuchedwetse, chifukwa timu mukhoza kuipulumutsa mawa, koma munthu amene mwamuchititsa manyazi sadikira.