Kondakitala wa Ababa

Dzanja lawo lamanzere ababa analipatsa dzina lakuti Kondakitala. Ankati limangokwera basi, siliyendetsa, koma ikafika nthawi ya chakudya limafuna gawo lake. Anthu obwera kudzawazonda ankaseka mpaka misozi, ine ayi. Ine ndi amene ndinkawamanga mabatani a malaya m'mawa uliwonse ndisanathamangire ku saluni kumene ndimaluka tsitsi, ndiye nthabwala imeneyi inkandiwawa.

Moyo wawo wonse anali dalaivala wa mabasi a maulendo ataliatali. Sitiroko inawapeza ali kunyumba, akutsuka m'kamwa. Mwendo unabwerera pang'onopang'ono, pakamwa panawongoka, koma dzanja linatsalira. Mayi wa mafizo kuchipatala sanatibisire. Anati dzanjalo likapanda kugwira ntchito miyezi yoyambirira ino, zala zidzapindika n'kuuma, ndipo sizidzatambasukanso. Anawapatsa kampira koti azifinya.

"Ine munthu wonyamula anthu odzaza basi, ndizifinya kampira ngati khanda?"

Kampira kanathera pansi pa bedi. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinaliranso. Kunyumba amanditcha Tsabola chifukwa cha pakamwa pangapa, koma ababa ndi munthu woti ukamukalipira amangoyang'ana pawindo.

Pakona ya pabalaza panali kompyuta yakale imene achimwene anasiya posamukira kutali ndi ntchito. Tinaifunditsa nsalu n'kuikapo maluwa apulasitiki. Pansi pa tebulo panali chiwongolero chamasewera, chomangirira m'mphepete mwa tebulo, ndi mapedulo ake. Tsiku lina ndikukolopa ndinachigunda ndi mopu, nzeru n'kundibwerera. Ndinakumbukira kuti achimwene anali ndi gemu yoyendetsa mabasi. Chiwongolero chimafuna manja awiri. Munthu wokana kampira angakanenso basi?

Anakhala pampando monyinyirika. Koma gemu itatseguka, ee, zinali zamanyazi. Chithunzi chinkayenda pang'ono, n'kuima, kenako n'kudumpha, basi ili kale m'ngalande. Mitengo inali ngati yodula pa katoni.

"Basi yotere ndikanaibweza ku galaja," anatero ababa. "Zimitsa, Tsabola."

Ndinaimbira achimwene. Anaseka kaye, ndiye anavomera kuti khadi la zithunzi analizula pochoka. Anati kompyutayo ikungodalira kamphamvu kochepa kamene inabadwa nako, kokwanira kulembera makalata basi. "Upeze khadi lina, ngakhale logwirapo kale ntchito. Kuika kwake n'kosavuta, ngakhale iwe ungathe."

"Ngakhale ine? Zikomo kwambiri, achimwene."

Pafupi ndi saluni yathu pali kashopu ka bambo wina wokonza makompyuta amene tonse timamutcha a Mawaya. Ndi kachipinda kopanikiza, konunkha mtovu wowotcha, ndipo kuti ufike pa kauntala umadumpha makiyibodi akufa. Ndinawaonetsa chithunzi cha m'kati mwa bokosi la kompyuta yathu pa foni. Anafufuza m'shelefu n'kutulutsa khadi lalifupi, la fani imodzi, lokulunga m'kapepala konyezimira. Anati limeneli likwana bwinobwino ndipo silifuna waya wina wa magetsi. Anadzipereka kubwera kudzaika okha.

Ndinakana. Ababa safuna alendo aziwaona akulimbana ndi dzanja, komanso mawu a achimwene aja anali asanandichoke. "A Mawaya, ine ndimaluka tsitsi lopyapyala kuposa mawaya anuwa. Mungondiuza."

Anayamba kufotokoza: uzimitse, uzule ku magetsi, utsegule mbali, uchotse kachitsulo kakumbuyo, ulowetse khadi mpaka limveke kuti lakhala. Akupitiriza choncho, mnzanga wa ku saluni anasuzumira pakhomo kuti kasitomala wanga akupsa ndi mankhwala m'mutu. Ndinatsomphola khadi n'kuthamanga. A Mawaya anakuwa kena kake kumbuyo kwanga, ine ndinangokweza dzanja kuti ndamva.

Tsiku langa lopuma ndinayala nyuzipepala pa tebulo lodyera. Ababa anakhala pampando wawo, Kondakitala ali phee pantchafu. Kumbuyo kwa bokosi kunali zingwe zambiri, ndiye ndinachita zimene ndinaona kuti n'zanzeru. Ndinatenga utoto wa zikhadabo, chingwe chilichonse ndinachidontheza mtundu wake, ndi bowo lake mtundu womwewo. Chingwe cha sikirini chofiira, bowo lake lofiira. Ndinadzitama mumtima kuti palibe chingasokere.

M'katimo munali fumbi loti ungadzalemo nyemba. Ndinaliuluza ndi makina oumitsira tsitsi, pa mphepo yozizira, ababa akuyetsemula n'kumandinena kuti ndikufuna kuwamaliza. Kachitsulo kakumbuyo ndiye kanavuta. Kanali kofunika kukapinda uku ndi uku mpaka kathyoke, ndipo pothyoka kanandicheka chala chachikulu. Magazi anadontha pa nyuzipepala.

"Zisiye izi, mwana wanga," anatero ababa motsitsa mawu. "Zala zimenezo ndi zimene zimatidyetsa."

"Sindisiya! Inu mukufuna dzanja lanulo liume ine ndikuona? Ndatopa, ababa. Ndikuopa."

Ndinamata pulasitala, ndinalozetsa khadi pa kangalande kake, ndinakanikiza mpaka linati khe! Ndinamanga sikuluu, ndinatseka, n'kubwezera chingwe chilichonse pa mtundu wake. Chofiira pa chofiira.

Kompyuta inayaka. Kudzera m'timabowo ta m'mbali ndinaona fani ya khadi ikuzungulira, mtima unakhala pansi. Koma gemu itatseguka, basi inayenda, inaima, inadumpha. Kwa ine zinali chimodzimodzi. Ababa anayang'ana sikirini, anayang'ana chala changa chomata chija, n'kusendera pafupi ndi chiwongolero.

"Aaa, iyi ndiye basi tsopano! Ukuona mmene ikukokera?"

"Koma ikudumphabe, ababa."

"Iwe unayendetsapo basi? Ndi msewu umenewo. Injini yasintha, ndikuimva ine."

Ndani angatsutsane ndi dalaivala pa nkhani ya injini? Ndinaganiza kuti mwina maso anga ndi amene sadziwa. Komanso, kunena zoona, ndinkafuna kukhulupirira.

Kuyambira pamenepo ankayendetsa tsiku lililonse. Ndipo basi yodumphadumpha ija inali ndi khalidwe lake. Chithunzi chikaima, n'kudumpha, unkapezeka walunjika mtengo, ndiye pankafunika kupotokola chiwongolero mwachangu, uku, kenako uko. Dzanja limodzi silinkakwanitsa. Poyamba ankangotukwana n'kugwera m'ngalande. Kenako tsiku lina ndikubwera ku ntchito ndinawapeza atakoleka Kondakitala pa chiwongolero, zala zitapindikira pamenepo, thukuta lili kamukamu.

"Gwira, iwe waulesi! Tipha anthu!"

Ndinalowa kukhitchini mwakachetechete kuti asaone nkhope yanga. Patapita masabata, mayi wa mafizo anawatambasula zala n'kufunsa kuti akuchita chiyani kunyumba. Ababa anati abwerera ku ntchito. M'mawa wina anamanga okha batani limodzi la m'munsi. Linawatengera nthawi yaitali mpaka tiyi anazizira, koma anamanga.

Ndiye a Mawaya anabwera ku saluni kudzabwereka tsache. Anafunsa za khadi, ine n'kuti likugwira, ngakhale chithunzi chimadumphabe.

"Chimadumpha? Pa kagemu kameneko? Ayi." Anakanda m'mutu. "Tizivindikiro takuda tija munatisunga? Mudzandibweretsere, ndimatigwiritsa ntchito."

"Tizivindikiro titi?"

"Totseka mabowo a kumbuyo kwa khadi. Munachotsa kamodzi polowetsa chingwe cha sikirini."

Ndinasiya kuluka, chipeso chili m'manja.

"Mayi, chingwe cha sikirini munachilowetsa pati?"

"Pamene chinali. Pofiira."

A Mawaya anakhala pampando wa makasitomala n'kugwira pamimba. Anati zimenezi ndi zimene ankakuwa tsiku lija. Chingwe chikakhala pa bowo lakale, kompyuta imagwiritsabe ntchito kamphamvu kake kakale. Khadi latsopano limangokhala m'menemo, fani n'kumazungulira, osagwira ntchito iliyonse. Ndinati mumtima, kodi m'nyumba mwathu muli makondakitala awiri?

Ndinapempha mnzanga andimalizire mutu umene ndinkaluka. Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamutu, ababa akuwodzera. Ndinagwada kuseri kwa tebulo, ndipo zoonadi, m'munsi mwa bowo lofiira munali mabowo a khadi, onse ovindikira bwinobwino. Ndinazula kachivindikiro kamodzi ndi chikhadabo n'kusamutsa chingwe. Kompyuta inachedwa pang'ono, ikudzikonza yokha, kenako ndinawadzutsa.

Abale, kusiyana kwake! Msewu unkangotsetsereka. Mitengo inali ndi masamba, magalasi a m'mbali ankaonetsa magalimoto akumbuyo, ndipo dzuwa linkawala pa dashibodi. Ababa sananene kuti iyi ndiye basi. Anatuluka m'depoti, anayatsa indiketa, analowa mumsewu waukulu, ndipo ndinaona mapewa awo akutsika. Anayamba kuimba chapansipansi, mmene ankachitira kale akatitenga pa tchuthi, ife tili pampando wakumbuyo kwawo. Ndinali ndisanawaone osangalala choncho chidwalireni.

Ndikuyang'ana choncho, dzanja lamanja linakwera pamwamba pa chiwongolero, pamalo pake pa zaka zonse. Lamanzere linatsetsereka pang'onopang'ono n'kukagona pantchafu. Basi yabwino sinkafuna manja awiri. Dalaivala wodziwa ankaiyendetsa ndi zala zitatu.

Ndinati mwina n'za tsiku loyamba. Koma mawa lake zinali zomwezo, mkuja wakenso. Ndikawakumbutsa ankaliika, pakangopita kanthawi labwerera pantchafu, iwo osadziwa n'komwe. Ankadya bwino, ankaseka, ankandiuza za mizinda imene afika. Koma patapita masiku zala zinayambanso kufumbata, ndipo batani la m'munsi lija linabwerera kwa ine.

Ndinalingalira kwambiri, ndikuluka mitu ya anthu. Chinthu chimene ndinachivutikira chinagwira ntchito, ndipo kugwira kwakeko ndi kumene kunkapha dzanja. Ndikanasankha chiyani, ababa oimba kapena zala zotambasuka? Ndinasankha zala. Ndinakonza ndi bodza lomwe: ndidzati khadi lapsa, zinthu zakale n'zosadalirika.

M'mawa, ndikuganiza kuti akadali kubafa, ndinagwada kuseri kwa tebulo. Ndinali nditagwira kale chingwe pamene ndinamva ndodo yawo pakhomo.

"Ukuchibwezera pofiira?"

Ndinatembenuka. Anali atavala malaya osamanga.

"Khadi likuoneka ngati lapsa, ababa."

"Tsabola, dzuka apo. Tanamizana mokwanira m'nyumba muno."

Anakhala pampando wawo wa pa chiwongolero mwapang'onopang'ono. Anati tsiku lomwe ndinaika khadi lija anadziwa kuti palibe chimene chasintha. Munthu amene wayendetsa basi moyo wake wonse sangalephere kudziwa kuti injini ndi yomweyo.

"Nanga munanameranji?"

"Unali utadzicheka. Unati ukuopa. Ndikanati chiyani, kuti magazi ako apita pachabe? Ndinati ndiyendetse chiphakasa chomwechi, mwana aziona kuti anakonza."

"Masabata onsewa mumavutika ndi chinthu chakufa chifukwa cha ine?"

"Nanga iwe sumafuna kundibwezera chakufa chomwecho chifukwa cha ine?"

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti, misozi ikungotsika. Ndinawauza kuti sindikudziwa chochita. Basi ikakhala yoipa amavutika, ikakhala yabwino dzanja limagona, ndipo mayi wa mafizo anati nthawi sikudikira.

Ababa anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. Analitembenuza ndi linzake, n'kuona mmene zala zayambira kuloza m'kati. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kuliyang'ana osaliseka.

"Chingwe chisiye pomwe chili," anatero. "Muli msewu wina umu, wa m'mapiri, wokhotakhota, wa mvula. Kale unkakana n'kutseguka komwe. Dzulo ndinauona, ndinauthawa. Umenewo ngakhale ndili mnyamata sindikanayendetsamo ndi dzanja limodzi. Ndiikire."

Ndinayatsa, ndinausankha. Mvula inayamba kumenya galasi, mawaipa akupita uku ndi uku, ndipo kutsogolo msewu unkakwera n'kukhotera kuseri kwa thanthwe. Ndinayang'ana wotchi, ndinali nditachedwa kale ku ntchito. Ndinawerama kuti ndiwamange mabatani.

"Asiye. Ndimanga ndikafika."

Ananyamula dzanja lamanzere ndi lamanja, analiika pa chiwongolero, n'kutambasula zala chimodzichimodzi mpaka zonse zinagwira. Sanalitukwane. Analisisita pamwamba kamodzi.

"Tiye, mnzanga," anatero. "Lero uyendetsa ndiwe."