Chitseko Chopanda Loko

A Ahmadi a ku Ndirande anali munthu woti akalowa m'nyumba ya eni, asanapereke ndi moni yemwe, maso amayamba athamangira pa mawindo. Zaka makumi awiri ndi zisanu akuwotcherera zitsulo kuseri kwa msika, ndiye kwa iwo anthu analipo a mitundu iwiri basi: amene anaberedwa kale ndi amene akudikira tsiku lawo. Nyumba yawo inali ndi zitsulo mpaka pa kawindo ka kubafa, poti ngakhale mphaka sangadutsepo.

Mwana wawo wamkazi, Lubna, atasankhidwa kupita ku koleji ina ya mu Blantyre momwemu, anachita mwayi wopeza bedi ku hositelo. Musaone ngati n'chinthu chaching'ono chimenecho. Anzake ambiri ankachita lendi ku Zingwangwa ndi ku Chilobwe, anayi m'kachipinda kamodzi, kuwerenga mosinthana tebulo. Kwawo nako kunali anthu asanu ndi atatu ndi galayinda wodulira zitsulo wolira kuyambira m'mawa. Bedi limenelo kwa Lubna linali sukulu yeniyeniyo.

Tsiku lokamusiya, a Ahmadi anayendera hositelo yonse manja ali kumbuyo. Anagwedeza zitsulo za m'mawindo n'kutsonya. Anagogoda geti n'kupukusa mutu. Koma atafika kumapeto kwa kolido, pafupi penipeni ndi chipinda cha mwana wawo, anaima chilili. Panali chitseko chachitsulo chobiriwira, chopanda loko, chopanda bawuti, chongokhala ndi kachitsulo kopingasa pakati. Atakakhudza ndi zala ziwiri, chitseko chinangoti phwa, kutseguka, kunja kukuoneka chimanga cha anthu.

"Ababa, tsekani. Chimenecho n'chothawirapo moto," anatero Lubna.

"Moto uli kuti?"

"Ukadzabuka."

"Nanga wakuba akadzabuka?"

Lubna anati amuleke akayale bedi, ndipo nkhani inathera pomwepo. Kwa iyeyo inathera pomwepo. Abambo akewo sabata yonse chakudya sichinkatsika. Ankawotcherera geti la munthu maganizo ali pa chitseko chija, mpaka anaika mahinjesi mozondoka. Ankachita mantha, mantha enieni a kholo, ndipo munthu wamantha amene ali ndi makina owotcherera ndi woopsa kwabasi.

Loweruka m'mawa anavala ovololo yawo yabuluu, nakweza makina ndi zitsulo ziwiri pa kagalimoto ka mnzawo. M'njira monse ankakonza zoti akanene pa geti la koleji, poti ankadziwa kuti pamenepo ngakhale kholo amalifunsa chitupa, dzina la mwana ndi nambala ya chipinda. Aaa, zonsezo anangodzivutitsa. Alonda awiri atangoona ovololo ndi makina, anakweza chitsulo cha pageti okha.

"Mwabwera mochedwatu, amisiri. Zowonongeka zachuluka muno," anatero mmodzi.

Ananyamula makinawo awiriwiri mpaka ku hositelo ya atsikana. Wina anakawapezera pobaya magetsi, wina n'kuwagwirira chitsulo kuti chiwongoke. Lubna anali ku laibulale. Pasanathe ola, chitseko chinali chitapingidwa ndi zitsulo ziwiri, ntchito yosalala yoti munthu n'kuijambula. Kenako, monga amachitira pa geti lililonse lotuluka m'manja mwawo, anatenga kabulashi n'kulemba ndi penti woyera pakona: Ahmadi Wazitsulo, Ndirande, ndi nambala ya foni. Ntchito yabwino saibisa mwini wake.

Lachiwiri masana koleji inakonza zoyeserera kuthawa moto, ophunzira osauzidwa. Mkulu wa chitetezo, a Fletcher, anaitana akuluakulu a koleji kuti adzaone okha mmene ana amatulukira m'mphindi zitatu. Anawaimika kuseri kwa hositelo, moyang'anana ndi chitseko chobiriwira, iwo wotchi ili m'manja. Belu linalira. Mphindi imodzi, zii. Ziwiri, zii. Kenako mkatimo munamveka chiphokoso ngati mbuzi zatsekeredwa m'khola, atsikana makumi asanu akumenya chitseko ndi mapoto, ena akuitana amayi awo. Anatulukira kumaso patatha mphindi khumi ndi zinayi, wina sopo ali m'mutu.

Wolakwa sanavute kumupeza. Anali atasiya nambala.

Lachitatu a Ahmadi anafika mu ofesi ya a Fletcher atavala mkanjo woyera, akuganiza kuti mwina akufuna awotcherere zitseko zinanso. Anapeza Lubna atakhala pa mpando wa pakona, maso ali psuu, kalata ili pamwendo. Mwanayo sanawayang'ane n'komwe.

"Bambo, mukudziwa kuti mukanapha ana a eni?" anatero a Fletcher.

"Ine ndimawateteza."

"Ukanakhala moto weniweni, bwenzi lero tikukamba za maliro makumi asanu. Ndipo woyamba akanakhala wanuyu, chifukwa chipinda chake ndicho chili kutali ndi khomo la kumaso."

Mawu amenewo anawalowa a Ahmadi ngati madzi ozizira kumsana.

A Fletcher anapitiriza kuti lamulo ndi lamulo. Mlendo akawononga katundu wa chitetezo, mwini mlendoyo amachoka m'hositelo. Lubna apereke kiyi pofika Lachisanu, ndipo nkhani yonse ilembedwa ipite kwa akuluakulu.

"Mwanayu sakudziwapo kanthu," anatero a Ahmadi, mawu atatsika. "Langani ine. Lembani zonse, sindikana. Ndinafika ndi makina cha m'ma naini, anyamata anu a pageti anandilandira bwino kwambiri, Mulungu awadalitse. Wamtali uja ndiye ananyamula kutsogolo. Wa ndevu uja anandigwirira chitsulo, ali ndi dzanja labwino, atafuna ntchito ndingamutenge. Zimenezonso mulembe, asaiwalike."

Sikuti ankawaopseza, ayi. A Ahmadi analibe nzeru zoterozo. Ankangothokoza anthu amene anawathandiza. Koma cholembera cha a Fletcher chinaima pakati pa pepala.

"Anakufunsani chitupa?"

"Ayi."

"Munalemba dzina m'buku la alendo?"

"Kuli buku?"

A Fletcher anavula magalasi, nawapukuta nthawi yaitali zedi. Anayang'ana kudenga, anayang'ana Lubna, kenako anatambasula dzanja n'kutenga kalata yochotsa Lubna m'hositelo ija, naiponya m'dirowa. Anati poganizira kuti mwanayu ndi wakhalidwe, ndiponso kuti akuluakulu ndi anthu otanganidwa osafunika kuwatopetsa ndi mapepala, nkhaniyi ithere m'chipinda momwemo. Koma dzuwa lisanalowe, chitseko chibwerere mmene chinalili.

Madzulo amenewo a Ahmadi anabweranso ndi galayinda. Ulendo uno pageti anawafunsa chitupa, dzina la agogo awo ndi mudzi wa kwawo, n'kuwasecha mpaka m'chipewa. Anadula zitsulo zawo zokongola zija mtima ukuwawa, atsikana ataima m'makomo akuwaonerera. Lubna anaima poteropo manja atapinda. Atamaliza kupala ndi kufufuta dzina lawo, anakankha kachitsulo kaja, chitseko n'kutseguka.

"Komabe mwana wanga, ine mtima sukukhazikika," anatero. "Chitseko chopanda loko ndi msewu."

"Tulukani panja, ababa."

"Wati bwanji?"

"Tulukani. Mukhale wakubayo. Mukalowa, ndilongedza ndekha tibwerere limodzi ku Ndirande."

A Ahmadi anaseka. Iwo, munthu amene anatsegulapo sefa ya sitolo mwini wake atataya kiyi? Anatuluka, chitseko chinadzitseka chokha kumbuyo kwawo. Atatembenuka anapeza kuti kunjako kulibe chogwirira, kulibe bowo la kiyi, kulibe ngakhale mpata wolowetsa chikhadabo. Anakankha ndi phewa. Anafufuza mahinjesi, n'kupeza kuti ali mkati. Anagwada n'kusuzumira pansi, mkanjo wa m'kati mwa ovololo n'kudetsedwa ndi dothi. Anayesa ndi sipanala, sipanala n'kuterereka kukagwera m'chimanga. Mkatimo atsikana ankaseka mobisa, ndipo wina ankawerenga mphindi mokweza.

Atatopa anatsamira chitsekocho, thukuta lili kamukamu. Anachita manyazi, koma pamwamba pa manyaziwo panabwera chisoni chimene sanachiyembekeze. Zaka zonsezi iwo ndiwo ankasunga makiyi a khomo lililonse limene mwanayu ankagona kuseri kwake. Apa mwana anali bwinobwino, wotetezeka, popanda chitsulo chawo ngakhale chimodzi. Akanatha kutuluka nthawi imene wafuna, ndipo iwo sakanatha kulowa pokhapokha iye atalola.

Anagogoda pang'onopang'ono, ngati mlendo.

"Lubna, mama. Nditsegulire."

Mawu a Lubna anamveka pafupi, kuseri kwa chitsulo, ofatsa koma osagwedezeka.

"Zungulirani kumaso, ababa. Mukalembe dzina m'buku, adzandiitana."

A Ahmadi anatola sipanala yawo m'chimanga, napukuta m'maso ndi mkono wa ovololo, n'kuyamba kuzungulira.