Masamba Obwezedwa

Foni yopalasa ija inabwera pa basi kuchokera ku Joni, itakulungidwa m'juzi. Anaitumiza ndi Olivia, mwana yekhayo wa Fainess, ndipo m'kabokosi mwake munalinso mahedifoni oyera. "Kuti musamasungulumwe, amayi," anatero Olivia atayimba.

Fainess ankathyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Masambanjati. Chimwalirireni mwamuna wake ankakhala yekha kumalayini a antchito, koma m'munda anali pakati pa anzake. Amayi a gulu lake ankayenda m'mizere moyandikana, madengu kumsana, manja akuthyola, pakamwa napo pakugwira yake ntchito. Nkhani inkayamba mzere woyamba n'kukafika womaliza itanenepa. Woyandikana naye masiku onse anali Teleza, amake Jean, amene ankamugemula m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe.

"Achemwali, mwayamba kulandira dripi ya m'makutu?" anafunsa Teleza tsiku loyamba.

"Nsanje, amake Jean. Uzani wanu apite ku Joni."

Poyamba ankatseka khutu limodzi. Kenako anatseka onse awiri. Ankamvera makwaya, maulaliki ndi mawu a Olivia ojambulidwa, amene ankawabwereza mpaka kuwaloweza. Manja ake anafulumira, ndipo kapitawo anamuyamikira pa sikelo. Pa foni pomwepo anaona makatani a maluwa, n'kukagula ofanana nawo ku boma. Anagulanso sola yotchajira ndi kachikwama konyezimira. Chilichonse ankachijambula n'kutumizira Olivia, ndipo Olivia ankayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Gulu lija linali ndi mwambo wake. Wina akagwa m'vuto n'kumabwera ku ntchito thupi lokha, mnzake aliyense podutsa ankaponya masamba odzaza dzanja m'dengu mwake, osanena kanthu, kuti makilo ake akwane. Fainess ankaudziwa bwino mwambowu. Ataferedwa, dengu lake linkalemera lokha, ndipo amene ankayamba kuponya anali Teleza.

Mvula itakhazikika, amuna a Teleza anagonekedwa m'chipatala. Teleza ankagona pansi m'wodi n'kulawirira ku munda maso ali psuu. Nkhaniyo inayenda m'mizere monga mwa nthawi zonse, koma pa mzere wa Fainess inkalumpha. Sabata yonse amayi ankaponya masamba m'dengu la Teleza. Fainess ankangoona milomo ikugwedezeka, iye n'kumwetulira.

Anadziwa Loweruka, batire itatha ali pamzere wa ku sikelo. Anamva mayi wina akufunsa Teleza ngati odwala ayamba kudya. Anatsata Teleza pansi pa mtengo pamene ankamwera tiyi wa masana.

"Amake Jean, osandiuza bwanji?"

"Ndinakuuzani Lolemba."

"Ine?"

"Inu nomwe. Munagwedeza mutu, mukumwetulira. Ndinati kaya ndi nyimbo yabwino."

Lolemba linalo Fainess anasiya foni m'thumba. Anathyola masamba anthete okhaokha, nadzaza manja onse awiri, n'kukawathira m'dengu la mnzake. Teleza anaima. Anatula dengu, natapa masamba aja mosamala, n'kuwabwezera m'dengu la Fainess.

"Anatuluka m'chipatala dzulo, achemwali. Makilo ndikwanitsa ndekha. Zikomo."

Sanakalipe, ndipo palibe anatembenuka kudzaona. Ntchito inapitirira. Nkhani zinkadutsa pamwamba pa tiyi monga kale, koma zinali za anthu ndi zochitika zimene chiyambi chake Fainess sanachimve. Amayi ankaseka dzina latsopano limene anamupatsa woyendetsa thirakitala, ndipo iye sankadziwa kumene linachokera. Anayesa kuponyapo mawu. Anamuyankha mwaulemu, ngati mlendo, n'kupitiriza zawo. Tsiku lonse palibe anamugemula.

Pa nthawi yopuma anakhala kumapeto kwa mthunzi n'kujambulira Olivia mawu ataliatali, kumufotokozera zonse. Yankho linabwera asanamalize tiyi wake: kachala kaja.

Kapitawo ataitana, Fainess anabereka dengu n'kulowa mumzere wake. Kumanja kwake Teleza ankasimba za namwino wina wa m'wodi, amayi n'kumaseka. Fainess anatulutsa mahedifoni, nawongola zingwe zake, n'kutseka makutu onse awiri. Sanayatse kalikonse. Anangowavala kuti aliyense womuona aziganiza kuti ali ndi chomvera.